Polishi mu Shedi ya Atate

Ndinali ndi cholinga chabwino. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa kunyumba kwathu ku Dambwa North, kuno ku Livingstone, palibe amene amawatchula akamafotokoza nkhaniyi. Onse amayambira pamene Atate anali chagada pansi, jombo imodzi ili kuphazi, inayo ili kwina. Ine ndiyambira poyambira penipeni, inu muweruze nokha.

Atate amatchetcha udzu ndi kusamalira maluwa m'malo ogona alendo a m'mbali mwa msewu wa Nakatindi. Atangofika kuno kuchokera ku Katete anali ndi chikwakwa chokha, koma ntchito inakula, zida nazo zinachuluka. Vuto linali kozisunga. Panja kuli akuba. Pabalaza Amayi anakaniratu. Tsono mkulu wanga atakwatiwa, malo amene panali bedi lake m'chipinda mwathu sanakhalitse opanda kanthu.

Ndinkagona chonchi: kumutu kwanga makina otchetchera okankha, kumiyendo wilibala yoimiritsa kukhoma, pansi pa bedi mapaipi othirira maluwa, kuseri kwa chitseko makina onyamula paphewa aja olira ngati udzudzu waukulu. Petulo ankasungidwa panja, koma fungo lake linkagona ndi ine. Mnzanga wina m'kalasi anandinunkhiza yunifolomu tsiku lina n'kundifunsa ngati kwathu timagulitsa petulo wa m'zigubu. Powerenga ndinkaika buku pa jenereta yakufa. Ndili Giredi 12, mayeso akubwera, ndipo chimene ndinkafuna pa dziko lino chinali chipinda chokhala ndi bedi, tebulo ndi ine ndekha.

Chida chimodzi chokha ndicho sichinkagona nane, chifukwa sichikanalowa pakhomo. Awa ndi makina otchetchera okwerapo, ooneka ngati kathirakitala, amene Atate anagula kwa munthu amene anawagwiritsapo kale ntchito. Ankagona pansi pa mtengo wa mango, atamangidwa tcheni ndi kufunditsidwa tenti. (Atate amawapukuta ndi nsanza yawoyawo. Ine sindinapukutidwepo choncho, koma sindikudandaula.)

Pa tchuthi cha mu Ogasiti Atate ananena kuti amanga shedi kuseri kwa nyumba.

"Ikasila chabe, rumu ni yako," anatero, kunena za tsiku limene shediyo idzathe. "Nizakupangila na tebulo."

Womanga anali ba Mubita, a pamzere wathu womwewu, munthu wamtali amene wakhala akumanga nyumba za anthu kuyambira ine ndisanabadwe. Kuimika shediyo sikunavute. Anakumba maenje mumchenga wathu wogumukagumukawu, anaimika mizati ya bulugamu, anathira konkire, anakhoma malata pamwamba ndi m'mbali. Chimene chinatenga nthawi ndi kumalizitsa. Ine ndinadzipereka kuposa aliyense, pa zifukwa zimene mwazimva. Ndinapaka oyilo wakuda m'munsi mwa mizati kuti chiswe chisadye. Ndinagwirizira matabwa pamene ba Mubita ankakhoma mashelefu pa mzati wapakati wa kumbuyo. Atate anakhoma misomali pa thabwa lalikulu n'kujambula chithunzi cha sipanala iliyonse pamalo pake, kuti ikasowa adziwe kuti yasowa ndi iti, ndipo amene ankawapatsira misomali ndinali ine.

Pansi anapakweza ndithu chifukwa cha madzi a mvula, ndipo pakhomo anaika kachitunda ka simenti kokwererapo makina. Apa ndi pamene ba Mubita anaonetsa luso lawo lonse. Anagwada tsiku lathunthu akusalaza simentiyo ndi chitsulo mpaka inachita see ngati mbale, kachitunda komwe.

"Ba Mubita, ni mamashini chabe yazankhala muno," anatero Atate. "Osavutika maningi."

"Ba Tembo, ine nimanga manyumba, sinimanga makola," anayankha osadzutsa mutu. "Fulo yanga munthu angadyelepo."

Ntchito yothirira simentiyo m'mawa ndi madzulo kuti ilimbe inalinso yanga. Ndinaithirira mwachikondi. Itauma bwinobwino ndipo zitseko za malata zitaikidwa, Atate analengeza kuti Loweruka tisamutsa zida.

Lachisanu ndinatsala ndekha panyumba. Atate anali ku ntchito, Amayi ku msika kumene amasoka makatani. Ndinalowa mu shedi kuti ndingosesa. Nditasesa ndinaona kuti ndi bwino ndikolope. Nditakolopa, pansi pakuuma, ndinaima pakhomo n'kuyang'ana, ndipo mtima wanga sunakhazikike. Panali potuwa.

Muyenera kumvetsa mmene ndinaleredwera. Pamzere wathu Loweruka lililonse m'mawa mumamva maburashi okhaokha, khomo ndi khomo, atsikana akuwalitsa makonde ndi polishi wofiira. Amayi akachokera kocheza sanena kuti anthu a kumeneko ndi abwino kapena oipa. Amangonena mmene khonde lawo linalili, ife n'kudziwa zonse. Ndinayamba kupaka polishi ndisanadziwe kulemba dzina langa. Choncho kwa ine simenti yosalala yopanda polishi ili ngati mwana amene wasamba koma sanadzole mafuta. Sungamutulutse choncho pagulu.

Ndinati ndingoyesa pakona. Ndinatenga chitini cha polishi wa pakhonde, n'kugwada. Simenti yatsopano imamwa polishi ngati mchenga umwera madzi, ndipo chitini chinatha nditangopaka malo okwana mphasa imodzi. Ndinaimirira n'kuyang'ananso. Tsopano zinali zoipa kuposa poyamba: shedi yonse yotuwa, pakona pokha pofiira ngati paphedwa mbuzi. Kusiya choncho sikukanatheka.

Mwamwayi (panthawiyo ndinkautcha mwayi) ndimadziwa kupanga polishi wapakhomo. Umasungunula makandulo m'chitini, kuchotsa pamoto, kuthira parafini, kenaka ufa wofiira uja amasakaniza ndi simenti, n'kutakasa mpaka zitazizira. Ufa unalipo, wotsala pamene ankakonza khonde. Parafini analipo. Makandulo anali mu kabati, amene Amayi amasungira masiku amene magetsi azima. Ndinatenga ochepa. Atatha ndinakatenga ena ochepa. Ulendo womaliza ndinangotenga pepala lonse, poona kuti otsalawo sakanathandiza munthu. (Mbaula ndinayatsira kutali ndi petulo, kutsogolo kwa nyumba. Ndine mtsikana wosamala. Chimenechi ndicho chimandiwawa kwambiri.)

Ndinapaka shedi yonse chogwada, kuyambira kumbuyo kubwerera chakukhomo. Polishi atagwira ndinaponda burashi ndi phazi limodzi n'kuyamba kuvina kuja timavina powalitsa, uku ndi uku, mzati ndi mzati. Shedi si khonde. Pofika pakati ndinali nditatopa, koma ndikaganiza za tebulo langa mphamvu zinkabwerera. Nditamaliza ndinaona kuti m'malo ena simenti yamwa kwambiri, ndiye ndinapakanso kachiwiri ponseponse kuti pafanane. Pomaliza ndinapukuta ndi juzi yakale.

Kenaka ndinatuluka, ndipo ndinaona kachitunda. M'kati mofiira mowala, pakhomo penipeni potuwa, pamene mlendo amayambira kuona. Ndinakapaka. Popeza ndi pamene pamaonekera kwambiri, ndinakapaka mowirikiza.

Chenjezo linabwera, sindingakane. Nkhuku ya aneba inakwera kachitundako ikuthamangitsa chiwala. Inafika pakati, miyendo ikupalasa koma thupi losasuntha, kenaka inabwerera chambuyo pang'onopang'ono mpaka pamchenga. Inaima, inayang'ana shediyo ndi diso limodzi, n'kuchoka. Ine ndinaseka. Ndinaganiza kuti ndi umboni wakuti ntchito yagwirika bwino. Ndinatseka zitseko kuti fumbi lisalowe, komanso kuti mawa anthu adzadabwe.

Madzulo amenewo magetsi anazima. Amayi anafufuza mu kabati nthawi yaitali, akudziyankhulira okha. Tinadya mowunikira ndi foni ya Atate, yotsamiritsa ku botolo la madzi. Ine ndinadya mwakachetechete ngati mwana waulemu.

Loweruka tinayamba ndi kutulutsa zida zonse m'chipinda mwanga kuziika pabwalo. Aka kanali koyamba kuona makona onse anayi a chipindacho chichokereni mkulu wanga. Ndinaima pakati n'kutambasula manja, osagunda kanthu. Ndinasankhiratu pamene padzakhale tebulo, pafupi ndi zenera.

Panja Atate anali atalumikiza paipi, akutsuka makina amodziamodzi.

"Mu nyumba ya nyowani sitingena na doti," anatero.

Anatsuka ndi aakulu aja, matayala omwe, mpaka madzi kuchita kuyenderera. Ba Mubita anafika ndi loko wa pachitseko m'thumba. Atate anapukuta manja pa ovolosi, anagwira zitseko zonse ziwiri n'kutsegula.

Dzuwa la m'mawa linalowa n'kugunda pansi paja. Mizati inkaoneka iwiriiwiri, wina woimirira, wina wozondoka.

"Ni ndani wachita ivi?" anafunsa Atate.

"Ni ine, ba Dadi."

Ba Mubita anavula chipewa. "Ba Tembo, mwaona? Ninakuuzani ine. Fulo ya so simungaipeze olo ku maloji kwamene musebenza."

Atate anayang'ana nthawi yaitali. "Yaoneka bwino," anatero potsiriza. "Koma ni shedi iyi, mwana wanga, si chechi."

Ine ndinawerengera mawu amenewa ngati kuthokoza. Atate sayamikira kawirikawiri, ndiye munthu umatola chimene wapeza.

Anati oyamba kulowa akhale makina aakulu, chifukwa malo awo ndi kumbuyo. Anakwera, analiza injini, anawongolera kukhomo. Matayala akutsogolo anakwera kachitunda bwinobwino. Akumbuyo atangopondapo anayamba kuzungulira pamalo amodzi, akulira fwii, madzi ofiirira akuthovukira m'mbali. Makina anabwerera pansi okha. Ndinakumbukira nkhuku ija, koma ndinaona kuti si nthawi yake yoitchula.

"Ni matayala yanyowa," anatero ba Mubita. "Bwelelani kumbuyo, mubwele na sipidi."

Atate anabwerera mpaka ku mtengo wa mango. Anaweramira kutsogolo ngati wa njinga yamoto, n'kubwera ndi liwiro lonse limene makina otchetchera udzu angakhale nalo. Si liwiro lalikulu, koma linakwana. Anakwera kachitunda, analowa, anaponda buleki.

Matayala anaima. Makina sanaime.

Sindinaonepo chinthu chikuyenda mwaulemu chotero. Panalibe phokoso la matayala. Makinawo ankangoyandama kulowera kumbuyo kwa shedi, uku akutembenuka pang'onopang'ono, moti pakati pa ulendo Atate anali atayang'ana kwa ife. Ankapotoza chiwongolero uku ndi uku, koma chinalibe chonena. Nkhope yawo sinali ya mantha. Inali ya munthu amene akuwerenga chikwangwani cha chiyankhulo chimene sachidziwa.

"Buleki, ba Tembo! Buleki!"

"Nagwila kudala!"

Anamaliza kuzungulira n'kukagunda mzati wapakati, uja wa mashelefu. Denga lonse linalira. Mzati unapendekeka. Shelefu yapamwamba inasiya mbali imodzi n'kutsitsa zonse zimene tinali titaikapo kale: chitini cha misomali, mabotolo a oyilo, mpukutu wa waya. Masipanala anagwa kuchoka pa thabwa lawo, kusiya zithunzi zokhazokha.

Ba Mubita anathamanga kukathandiza. Anaponda kachitunda ndi nsapato zonyowa, ndipo munthu wamtali amatenga nthawi kuti agwe yense. Miyendo inapita kutsogolo, chipewa kumbuyo, iwo n'kukhala pansi, n'kutsetsereka chokhala mpaka pamchenga pamene anayambira. Atate anazimitsa injini, anatsitsa phazi limodzi, anatsitsa linalo, anaimirira, ndipo apa ndi pamene ena onse amayambira nkhaniyi.

Ine ndinalowa chothamanga, wopanda nsapato, osaterereka ngakhale pang'ono. Ndakhala ndikuyenda pa polishi moyo wanga wonse. (Pambuyo pake ndinazindikira kuti zikanakhala bwino ndikanagwako nanenso. Kuima bwinobwino pakati pa akuluakulu awiri amene ali pansi sikuoneka bwino.)

"Ba Dadi, mwazichita?" ndinafunsa, poopa kuti avulala.

"Usanigwile," anatero, akuyang'ana kudenga. "Nifuna niganizeko."

Amayi anamva phokoso ali kukhitchini. Anafika pakhomo pa shedi, anayang'ana pansi, ndipo asanafunse chilichonse anavula mapatapata n'kuwasiya panja. Analowa mosamala, anawerama, anapitsa chala pa simenti n'kuchinunkhiza.

"Makandulo yanga," anatero.

"Ee, ba Mami."

"Yonse?"

"Ee."

Anayang'ana kuyambira pakhomo mpaka kumakona, kumene anthu aulesi amasiya. Sanapeze posiyidwa.

"Wapaka kangati?"

"Kawili. Pa khomo katatu."

"Hmm," anatero Amayi, ndipo ndinamva kuti si hmm wokwiya. Kenaka anatembenukira kwa amuna awo. "Ba Tembo, nyamukani, muzadetsa fulo na oyilo."

Atate sanathyoke paliponse, kungoti kwa masiku angapo ankakhala pampando chammbali. Makina anaphwanyika chivundikiro cha kutsogolo ndi nyali imodzi. Tinawatulutsa chokoka ndi chingwe, titayala masaka pansi, n'kuwabwezera pansi pa mango. Ba Mubita, akudzisisita m'chiuno, anayendera mzati uja n'kunena kuti uyenera kufukulidwa, kuimikidwanso ndi konkire watsopano, ndipo mashelefu adikire mpaka ulimbe. Za pansipo anati njira ndi imodzi, kugobagoba ndi tchizulo kuti pakhale pokhakhala. Ananena zimenezi ndi mawu a pamaliro.

Atate sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero. Anangoyang'ana zida zili mbwee pabwalo, anayang'ana dzuwa, n'kunena kuti, "Bweza vonse mu rumu."

Ndinabweza. Makina okankha kumutu, wilibala kumiyendo, mapaipi pansi pa bedi. Zinawonjezekanso ndi zimene zinali pa mashelefu, pamodzi ndi matabwa a mashelefuwo. Atate anawaimika pafupi ndi zenera.

Sindinataye mtima. Masiku otsatira ndinayesa kuchotsa polishiyo ndi madzi otentha ndi sopo. Ndinayesa ndi mchenga. Kandulo ikalowa mu simenti yatsopano imakhala yafika kwawo. Ndikakwecha, pansi pankangosalala kuposa kale. Komabe ndinkadziwa kuti ba Mubita akabwera ndi tchizulo nkhani itha, ndipo mwina sabata ziwiri zokha ndidzapirira.

Ndinaiwala kuwerengera Amayi. Lachinayi, amayi a kumpingo atamaliza mapemphero a kunyumba kwathu, Amayi anawatengera kuseri kukawaonetsa shediyo. Onse anavula nsapato pakhomo popanda wowauza. Pakati pawo panali azakhali anga, amene mwana wawo wamkazi akukwatiwa mu Disembala, ndipo anali asanapeze malo ochitira phwando la amayi lomulangiza ndi kumupatsa ziwiya. Anayenda mu shedimo akuwerenga ndi maso pamene padzakhale mipando, pamene padzakhale ng'oma, pamene padzakhale mkwatibwi. Mthunzi ulipo, mphepo ikulowa, amuna sangaonere.

Madzulo Atate anamva nkhaniyi ali pakhonde.

"Ba Mubita babwela Mande na chizulo," anatero.

"Bazabwela mu Januwale," anatero Amayi. "Nabauza kudala."

"Iyi ni shedi ya mamashini!"

"Palibe wakana. Koma fulo ya so mufuna muitobe pamene bantu bakalibe kuiona? Mwana anavutika."

"Manje mamashini yazankhala kuti?"

Amayi anadabwa ndi funsolo. "Si yali na pogona kudala?"

Onse awiri anayang'ana zenera la chipinda changa. Ine ndinali m'katimo, nditakhala pa bedi, buku la Bayoloje lili pa jenereta, ndikumva zonse. Ndinadikira kuti Atate alimbane nazo. Anangoti, "Awe shuwa," n'kupempha tiyi.

Ndikulemba zimenezi mu Okutobala. Amene amadziwa kutentha kwa Livingstone mwezi uno angaganize yekha mmene fungo la petulo limakhalira m'chipinda chotseka. Mayeso ayamba posachedwa, ndipo ndidzawalemba nditawerengera pa jenereta. Si zoipa kwambiri. Ndi yosalala pamwamba, ndipo kutalika kwake n'koyenera ukakhala pa bedi. Januwale si kutali, ngakhale ndamva kuti amayi a kwaya nawonso akufunsa za malo ophunzirira nyimbo.

Ndaphunzirapo kanthu. Si simenti iliyonse imene imafuna polishi, ndipo munthu usanakongoletse chinthu uyambe wafunsa kuti chidzagwira ntchito yanji. Ndinawauza Atate mawu amenewa ndipo anati ndi abwino, ndiwasunge.

Loweruka lapitali Amayi anandipatsa makandulo atsopano, ogula okha, kuti ndikapakenso mu shedi fumbi lisazolowere. Ndinapaka m'kati mokha, monga munthu amene waphunzira. Nditamaliza ndinatuluka, ndinatsika kachitunda, n'kutembenuka kuti ndione ntchito yanga. Dzuwa linali litakawaula kachitundako, kali mbuu pakhomo penipeni. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, nsanza ili m'manja, m'chitini mutatsala polishi pang'ono.

Ndinangokapaka kamodzi kokha.